Mphumu ipatsidwe tsiku lake m'zipatala zathu zing'onozing'ono

A Mkonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi akuluakulu a zaumoyo a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komanso makolo anzanga amene tikulera ana a mphumu kuno kuchigwa. Ine ndine mlimi wa mpunga ndi thonje ku East Bank, dera la kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Anthu a kwathu anandisankha kukhala m'komiti ya chipatala chathu chaching'ono, ndiye galimoto ya mankhwala ikafika ndimakhala m'gulu la oitanidwa kukaona makatoni akutsegulidwa n'kusainira. Kunyumba ndikulera mdzukulu wanga wamkazi wa sitandade 4, amene anayamba kuvutika ndi mphumu asanayambe n'komwe sukulu. Zimene ndilembe pano ndi zomwe ndaona pashelefu ya kufamase ndiponso pamphasa pakati pa usiku.

Pempho langa ndi lakuti pachipatala chilichonse chaching'ono mphumu ikhale ndi tsiku lake la kiliniki, kaundula wake ndi munthu wake wophunzitsa odwala, monga zilili ndi ma ARV, TB ndi sikelo ya ana.

Pakali pano zimayenda chonchi. Munthu amafika atabanika kale, wina atamugwirizira kumbuyo pakabaza, chifuwa chikuimba mluzu, mapewa akukwera ndi kutsika. Adokotala amasiya mzere wonse n'kuthamanga naye, ndipo kunena zoona amayesetsa. Mpweya ukabwerera m'malo mwake amamulembera m'kabuku ka kuchipatala, kufamase amupatsa timapiritsi m'kapepala, basi ulendo wa kunyumba. Tsiku lobweranso palibe. Womufunsa kuti pamwezi amadzuka usiku kangati chifukwa cha chifuwa palibenso. Pakatha milungu ingapo munthu yemwe uja abweranso, nthawi zambiri usiku, ali chimodzimodzi kapena kuposa. Muvundukule kabuku ka mwana aliyense wa mphumu kwathu kuno, mupeza masamba odzaza ndi maulendo a mwadzidzidzi okhaokha, zolemba za anthu osiyanasiyana, popanda tsamba ngakhale limodzi losonyeza kuti wina anakhala naye pansi ali bwinobwino n'kukonza zakuti asadzabanikenso.

Sindikuloza chala ogwira ntchito ayi. Dokotala mmodzi amene panja pakumudikira mzere wa malungo, otsegula m'mimba, amayi oyembekezera ndi wina wolumidwa ndi ng'ona sangapeze mphindi khumi zophunzitsa munthu mmodzi kapumidwe ka mankhwala. Timati safunsa anadya phula, koma mayi wa kumudzi angafunse bwanji pamene kumbuyo kwake anthu akung'ung'udza kuti akuchedwetsa mzere? Vuto lili m'dongosolo, lomwe limaona mphumu ngati ngozi ya tsiku limodzi pamene ndi nthenda yokhala nayo.

Ine zinanditengera nthawi kuti wina andifotokozere chimene chimachitika m'chifuwa cha mdzukulu wanga, ndipo ndikufuna makolo anzanga achimve. Tinjira ta mpweya ta m'mapapo a munthu wa mphumu timakhala totupa m'kati ngakhale tsiku limene akusewera fulaye bwinobwino. Akakumana ndi fumbi, utsi, mphepo yozizira kapena chimfine, minofu yozungulira tinjirato imafinyika, makhololo n'kudzaza, mpweya n'kumavuta kutuluka. N'chifukwa chake ma inhela, tizitini topopera mankhwala m'kamwa, alipo a mitundu iwiri. Ya buluu ija, ya salbutamol, imamasula minofu yofinyikayo m'mphindi zochepa, koma kutupa kuja siikukhudza. Ya bulauni, ya beclometasone, ndiyo imaziziritsa kutupako pang'onopang'ono, ndipo imafunika kupopera tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, munthu ali bwino kapena ayi. Ife a kuchigwa sitivutika kumva zimenezi: ya buluu ndi bwato lodzakuchotsa padenga madzi atalowa kale m'mudzi, ya bulauni ndi dayiki yotchinga madzi imene imamangidwa m'chilimwe kunja kuli gwa. Akatswiri a bungwe la GINA, lomwe limapereka malangizo a kachizidwe ka mphumu padziko lonse, analengeza mu 2019 kuti achinyamata ndi akuluakulu asamathandizidwenso ndi ya buluu yokha, chifukwa wodalira iyo yokha amakhala pachiopsezo chobanika koopsa ngakhale kufa kumene.

Tsono taonani zimene zimatuluka m'makatoni. Mapiritsi a salbutamol ndi a prednisolone sasowa kwenikweni. Inhela ya buluu imabwera mwa apo ndi apo, ndipo ikabwera sichedwa kutha. Ya bulauni ndiye ndi mlendo weniweni. Nditafunsa chifukwa chake, yankho linali lomveka ndithu: chipatala chimaitanitsa mankhwala potengera zimene chagwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha odwala amene chili nawo m'mabuku. Popeza a mphumu alibe kaundula, palibe amene angaloze kuti m'dera lathu alipo angati. Adokotala salemba mankhwala amene akudziwa kuti pashelefu palibe, ndipo mankhwala osalembedwa saoneka kuti akufunika, choncho saitanitsidwa. Zimangozungulira pomwepo chaka ndi chaka. Apa mpamene ndimaona kuti kaundula, buku wamba la mizere lokhala ndi dzina, mudzi, zaka ndi mankhwala a wodwala aliyense, ndi chiyambi cha zonse.

Mapiritsi aja ali ndi mavuto ake. A salbutamol amachedwa kugwira ntchito poyerekeza ndi inhela, ndipo amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima chifukwa amayenda thupi lonse asanafike kumapapo. Mdzukulu wanga akawamwa ankalephera kugwira pensulo bwinobwino m'kalasi. Prednisolone amapulumutsa moyo munthu akabanika kwambiri, koma ndi womwa masiku ochepa. Ndikudziwa akuluakulu ena m'mudzi mwathu amene amangomugula okha pamsika n'kumamwa miyezi, osadziwa kuti akuitana shuga, BP ndi kufooka kwa mafupa.

Koma ngakhale ma inhela atadzaza shelefu lero, popanda wophunzitsa tidzangotaya ndalama za boma. Khalani pakhonde la chipatala muone mmene anthu amapopera. Wina amapopera lilime, mankhwala onse n'kutsalira m'kamwa. Wina amadina kaye kenaka n'kumakoka mpweya, utsi wa mankhwala utatuluka kale m'mbali mwa milomo. Wina sakhutchumula. Wina akupoperabe chitini chimene chinatha kalekale, poti chikumveka kuti fuu, osadziwa kuti chimakhala ndi mlingo wa mapopedwe 200 okha. Akaona kuti sizikuthandiza amati inhela njachabe, bola jakisoni.

Ife amene anatithandiza ndi namwino wina amene anadzagwirizira ntchito kwathu kwa kanthawi. Ataweruka anatiitana kuseri kwa chipatala pansi pa mtengo wa nimu, atanyamula botolo lapulasitiki la 500ml, lija la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anatenthetsa waya pambaula ya mlonda n'kuboola kumunsi kwa botolo bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, n'kuilowetsa kuti ithine bwino. Anakhutchumula, n'kuuza mwana kuti akhale tsonga, atulutse mpweya, alume kukamwa kwa botolo ndi kutseka milomo. Anadina kamodzi kokha. M'botolo munachita mbuu, ndipo anawerenga naye mokweza mwana akupuma modekha kasanu mpaka m'botolo munayera. Kenaka anachotsa, kukhutchumulanso, kudinanso kamodzi. Atatero anandipatsa ine kuti ndichite iye akuona, kenaka mwana yekha, ndipo sanatilole kuchoka mpaka tonse titakhoza. Anatiuzanso kuti botolo tizilitsuka ndi madzi a sopo n'kulisiya liume lokha osalipukuta, ndipo mwana akapopera ya bulauni azichukucha m'kamwa n'kulavula kuti musachite zilonda zoyera. Zonsezi sizinathe ngakhale theka la ola.

Botolo limeneli si zongopeka za kumudzi. Madokotala a ana ku Cape Town anafufuza, ndipo mu 1999 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti botolo la 500ml limafikitsa mankhwala m'mapapo a mwana wobanika mofanana ndi chipangizo chogula chodula. Zimandipweteka kuti nzeru yotsika mtengo chonchi, yodziwika kwa zaka zoposa makumi awiri, ifike pabanja langa mwamwayi chabe, chifukwa chakuti namwino wina wachifundo anadutsa kwathu. Akanakhala kuti anatumizidwa kwina, bwenzi ife tikupoperabe lilime.

Wophunzitsayo ali ndi ntchito inanso yaikulu, yolimbana ndi mantha. Kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti ukayamba inhela sudzalekanso, kuti imafooketsa mtima, kuti ndi ya munthu amene watsala pang'ono kutsikira kulichete. Apongozi a mwana wanga anakana kwa nthawi yaitali kuti mdzukulu wawo aigwiritse ntchito, ndipo ankanena mochokera pansi pa mtima, chifukwa aliyense amene iwo anamuona ndi inhela anali wodwalika kale. Anthu otere sufunika kuwanyoza, koma kukhala nawo pansi n'kuwaonetsa kuti mankhwala opopera ndi ochepa kwambiri kuposa a m'piritsi, ndipo amapita kumene kuli vuto. Alipo amayi oyembekezera amene amasiya kupopera poopa kupweteka mwana, pamene choopsa chenicheni kwa mwana wa m'mimba ndi mayi wosowa mpweya. Alipo aphunzitsi amene amakhazika mwana wa mphumu payekha poganiza kuti apatsira anzake. Mphumu siyopatsirana. Imayenda m'magazi a pabanja, koma sungaitenge pomwera kapu imodzi. Ana ambiri a mphumu ali ndi mphini pachifuwa, ndipo sindidzudzula makolo awo, poti munthu ukaona mwana wako akulephera kupuma umagwira chilichonse. Chimene ndimadandaula ndi nthawi imene imatayika mwana asanafike kuchipatala.

Ndipo maphunzirowo akhale a kuno, osati ongowerenga papepala lolembedwa ku Lilongwe. Achitike m'Chisena ndi m'Chimang'anja, m'mawu amene agogo amamva. Anene za zinthu zimene ife timapuma. Kuyambira mwezi wa August mpaka mvula itagwa, chigwa chonse chimakhala fumbi lokhalokha, akamvuluvulu akuzungulira m'mabwalo a sukulu, tchire likupsa chifukwa cha osaka mbewa, minda ya nzimbe ikuwotchedwa podula. Pokolola pali fumbi la mpunga, mapira ndi mchewere popuntha ndi popeta. M'minda ya thonje muli mankhwala opopera mbozi, ndipo ana ndi amene amatumidwa kukatunga madzi osungunulira. June ndi July kumabwera kamphepo kozizira ka m'mamawa. Madzulo aliwonse timafukiza ndowe za ng'ombe kapena kuyatsa koyilo m'chipinda chotseka pothamangitsa udzudzu, mwana wa mphumu atagona pomwepo. Kuuza mayi wa kuno kuti apewe utsi ndi fumbi osamuuza njira yake n'kungomunyoza. Koma kumuuza kuti neti ilowe m'malo mwa koyilo, kuti awaze madzi asanasese, kuti mwanayo asakhale kumene mphepo ikupita popeta, kuti asamuberekere kumbuyo m'khitchini yofuka, kuti abambo akasutire fodya wawo kutali ndi khomo, zimenezo angathe. Zaka zapitazo ofufuza anagawa mbaula zosafuka kwambiri m'midzi ya kuno ku Chikwawa ndi ku Karonga pofuna kuona ngati chibayo chichepe mwa ana, ndipo anapeza kuti sichinachepe. Ine sindinadabwe, chifukwa utsi umene mwana wa kuno amapuma suchokera pamafuwa pokha.

Pali china chimene odwala akuluakulu sauzidwa. Mankhwala ena wamba amatha kudzutsa mphumu: asipulini ndi Brufen kwa anthu ena, komanso mankhwala ena a BP monga propranolol ndi atenolol. Munthu wa mphumu azinena nthenda yake paliponse pamene akulandira kapena kugula mankhwala. Komanso si chifuwa chilichonse chimene chili mphumu. Wotsokomola milungu iwiri, wotuluka thukuta usiku ndi kuwonda, akayezetse makhololo. Tsiku la kiliniki lingathandizenso pamenepa, chifukwa wodwala woonedwa modekha ndi amene angasiyanitsidwe bwino ndi wa TB kapena wa mtima.

Za madzi osefukira sindingazisiye. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa zambiri. Mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo ikadzaza, msewu wathu wopita ku Thabwa umaduka, ambulasi siingadutse, ndipo chipatala cha boma chimakhala ngati chili dziko lina. Mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zinapita ndi madzi. M'misasa ya m'sukulu tinkagona mothithikana, utsi wa mafuwa ambirimbiri uli ponseponse, chimfine chikuyenda. Titabwerera, makoma ndi mphasa zinali chuku chokhachokha. Ndinaona ndi maso anga azaumoyo akuyenda m'misasa ndi mndandanda, kufunafuna a ma ARV mmodzimmodzi kuti asadukize mankhwala, ndipo ndinawayamikira kwambiri. A mphumu panalibe wowafuna, chifukwa panalibe pamene analembedwa. Mvula isanayambe, wodwala aliyense wodziwika bwenzi akupatsidwa inhela yapadera yoti asunge m'jumbo pamodzi ndi kabuku kake, monga timasungira ziphaso.

Wina anena kuti zonsezi zikufuna madokotala ambiri amene dziko lilibe. Ayi. Kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kunachitika kafukufuku wa ana 120 a zaka 6 mpaka 15, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Theka la anawo linapimidwa modekha, kupatsidwa ma inhela oyenera ndi kuphunzitsidwa limodzi ndi makolo awo, ndipo ophunzitsawo sanali madokotala. Patatha miyezi itatu yokha, ana ophunzitsidwawo ankapuma bwino kuposa anzawo, ochepa okha ndi amene anathamangitsidwanso nawo kuchipatala, ndipo kujomba kusukulu kunatsika kwambiri. Ku Neno, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda ena okhalitsa, kotero kuti wa mphumu, wa BP, wa shuga ndi wa khunyu amakhala ndi tsiku lake, khadi lake ndi womulondola kumudzi akapanda kubwera. Neno ndi boma la kumudzi ngati lathu, la misewu yovuta ngati yathu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Kusiyana kwake si kwakuti mphumu ya kuno njoopsa kuposa ya ku Ulaya. Kumeneko munthu amakhala ndi inhela ya bulauni m'thumba ndipo anaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Alangizi a zaumoyo tili nawo kale m'midzi, ndipo anthu amawakhulupirira chifukwa ndi amene amayeza ana sikelo ndi kuwapatsa katemera. Aphunzitsidwe kapopedwe ndi kapangidwe ka botolo. Pakati pa odwala eni ake alipo amene akhala ndi mphumu zaka zambiri ndipo akuisamala bwino. Kumbali ya ma ARV anthu otere amagwiritsidwa ntchito yolangiza anzawo, nanga kuno chaletsa n'chiyani? Tsiku limodzi pamwezi, masana mzere wa malungo utachepa, n'lokwanira poyambira. Wodwala abwere ndi ma inhela ake ndi botolo lake, apopere wophunzitsa akuona, afunsidwe za tulo take ndi masiku amene wajomba kusukulu kapena kumunda, alembedwe tsiku lobweranso. Pachikuto cha kabuku kake pamatidwe kapepala ka zithunzi kosonyeza zochita akakhala bwino, chifuwa chikayamba, ndi pamene zafika poipa. Wailesi za m'dera lathu monga Nyanthepa zingathandize kufalitsa uthengawu, makamaka Lachiwiri loyamba la mwezi wa May, lomwe ndi tsiku lokumbukira mphumu padziko lonse.

Kwa makolo anzanga, pamene tikudikira zimenezi, pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche. Mwana akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, akamalephera kuyamwa kapena kumwa, nthiti ndi pakhosi zikamalowa m'kati popuma, milomo ikasintha mtundu, akayamba kuwodzera mofooka, kapena mluzu uja ukasiya kumveka koma iye akubanikabe, nyamukani nthawi yomweyo. Mukhazikeni tsonga, musamugoneke chagada. Inhela ya buluu ndi botolo zikhale m'manja, ndipo muzimupopera m'njira monse mpaka mukafike. Ngati mwana wanu akufuna ya buluu kangapo pamlungu kapena chifuwa chikumudzutsa usiku, pitani masana ali bwino mukafunse za ya bulauni, ndipo adokotala alembe m'kabuku ngakhale itakhala kuti palibe, kuti kusowa kwake kuoneke.

Mdzukulu wanga panopa ya bulauni timachita kumugulira ku Blantyre tikagulitsa mpunga, mwana wanga wamwamuna n'kuitumiza pa minibasi. Akamapopera mosadukiza amagona usiku wonse ndipo amathamanga ndi anzake. Koma m'kalasi mwake muli ana ena a chifuwa chomwechi amene makolo awo alibe wachibale m'tauni.

Komiti yathu yagula kale buku la mizere, ndipo tapempha ana a sukulu kuti atitolere mabotolo a 500ml, omwe tikutsuka ndi kusunga m'thumba muofesi ya alangizi. Mafumu avomera kulengeza pamaliro ndi pamisonkhano kuti aliyense wa mphumu akalembetse. Chimene sitingathe patokha ndi kupeza wodzaphunzitsa alangizi athu ndi kuika beclometasone pamndandanda wa mankhwala obwera mwezi ndi mwezi. Tikupempha akuluakulu a zaumoyo a m'boma lathu kuti atithandize ziwirizi mvula ya chaka chino isanadule msewu.

Ine wanu,
Mayi wa m'komiti ya chipatala,
East Bank, Chikwawa